Mbale ya Nachisale

Sonkhezerani uvuniwo kaye, anzanga, njerwa zingatuluke zosapsa mwini wake n'kumalalika kuti Layitoni wakalamba. Mwatha? Khalani pansi tsono. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndimawerukira msanga Lachisanu lililonse n'kukakhala pa positi yakale ngati munthu wopanda kwawo. Lero ndikuuzani. Wofuna kuseka asekeretu panopa, chifukwa kutsogoloku sindimulola.

Tawuni yathu ino ya Mlondwe mukuidziwa: msewu umodzi, msika, ndi njanji imene sitima inaiiwala kalekale. Chaka chija mvula inachedwa, kunabwera mayi wochokera ku ofesi ya boma yoona za zinthu zakale, dzina lake Mayi Kalirani. Anali wachitsikana ndithu, wa magalasi ndi kabuku kosachoka m'manja. Anazungulira tawuni masiku atatu akujambula zithunzi ndi kugogoda makoma ngati munthu wosankha mavwende. Kenaka anatisonkhanitsa mu holo ya khonsolo n'kutiuza kuti boma lalemba malo athu anayi m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko: siteshoni ya sitima, mzere wa mitengo ya mbawa wochokera ku siteshoniko, sitolo yakale ya Mmwenye, ndi positi. Anati malo akalowa m'kaundulamo palibenso wololedwa kuwagumula. Adzakonzedwa kuti aoneke momwe ankaonekera kale, ndipo palipose padzakhomedwa chikwangwani chamkuwa.

Anthu anaomba m'manja, ngakhale ena anachita zimenezo poganiza kuti sitima iyambanso kubwera. Ntchito ya penti inagwera mlamu wanga Fakisoni, munthu wa pakamwa posatseka. Ya zomangamanga inagwera ine. Siteshoni ndi sitolo sizinandidetse nkhawa. Chinandivuta ndi positi, chifukwa ndinali nditatha zaka pafupifupi makumi atatu ndisanapondepo.

Bambo anga, a Dayisoni, anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'migodi ine ndili m'mimba. Anatchona. Makalata anabwera awiri, basi. Masiku amenewo sitima inkabweretsa thumba la makalata Lachisanu, ndipo akazi a amuna a ku Joni ankakhala pa masitepe a positi kudikira kuti kalaliki atuluke ayambe kuitana mayina. Amayi anga, a Nachisale, ankakhala pa sitepe yachiwiri, pafupi ndi mzati wa kumanzere, akusenda mtedza m'kansengwa kuti manja asakhale chabe. Anzawo aja ena amuna awo anabwera, ena analandira uthenga wa maliro, ena anakwatiwa kwina. Masitepe anatsala ndi munthu mmodzi. Anakhala pamenepo Lachisanu lililonse kwa zaka makumi atatu ndi zitatu, mpaka njerwa ya pamalopo inaperepeseka n'kulowa m'kati. Anthu anapatcha kuti mbale ya Nachisale.

Amayi sanali openga. Ankalima, ankagulitsa zitumbuwa, ndipo anandilipirira sukulu mpaka pomwe mutu wanga unakanira wokha. Koma ana anzanga ankanditcha mwana wa positi, amvekere bambo wanga ndi sitampa. Ndikunena poyera, ndinkachita manyazi ndi amayi anga. Nditamera ndevu ndinawakalipirapo pamasitepe pomwepo, anthu akuona.

"Amayi, munthuyo anafa, kapena anakwatira komweko! Mukutichititsa manyazi!"

Iwo anangosenda mtedza wina n'kunena motsitsa, "Anati adzandipeza pompano. Ndikachokapo akandifuna kuti?"

Anamwalira Lachinayi lina m'mwezi wa Juni. Kuyambira pamenepo ndikamapita ku msika ndinkazungulira njira ya ku chigayo.

Tsiku loyendera positi, Mayi Kalirani anagwada pa sitepe ija n'kuisisita. "Apa pakhala pakudontha madzi a padenga kwa zaka zambiri," anatero. "Mupakonze, bambo Layitoni, pakhale posalala. Alendo angadzapunthwepo tsiku lotsegulira."

Ine mmisiri, ndinkaona ndi maso anga kuti denga silidontha pamenepo. Koma ndinangoti, "Chabwino, mayi." Mumtima ndinakondwa. Boma lenilenilo linali litandituma kukakwirira manyazi anga.

Ndinapaka simenti Lachinayi masana, n'kusalaza bwinobwino. Lachisanu ndinafika kuli mbuu. Mbale ija inali itabwerera. Simenti sinang'ambike, sinakokoloke, inangolowa m'kati mosalala, ndipo ukayang'anitsitsa umaona timizere tating'onoting'ono tonga ta ulusi wa chitenje. Pansi pa sitepeyo panali kamulu ka makoko a mtedza, kosonkhanitsidwa mwaudongo.

Fakisoni atabwera anaseka chikhakhali. "Alamu, ululani. Simenti ya boma mwagulitsa, apa mwapaka phulusa."

"Ndi zidakwa izi," ndinayankha. "Munthu sangaone simenti yaiwisi osafuna kukhalapo."

"Chidakwa chake chiti chosesa makoko pochoka?"

 Ndinakokota simenti ija n'kudikira Lachinayi lina. Ulendo uno ndinatchinga sitepeyo ndi matabwa, pamwamba n'kusanjika njerwa. Poweruka ndinafuna mpeni wanga womangira, wosaupeza. Ndinagwedeza thumba la zida, ndinayang'ana mu wilibala, ndinatukwana mbuzi za eni ake zosalakwa. M'mawa mwake ndinapeza matabwa ataimikidwa kukhoma, njerwa zitasanjidwa pambali, mbale ili pomwepo. Mpeni wanga unali pa sitepe yachitatu, wotsukidwa mbee mpaka kuchigwiriro. Ine chiyambire ntchitoyi sindinatsukepo mpeni choncho. Munthu mmodzi yekha, amayi anga, ndi amene ankadana ndi kuona chida chikugona ndi matope.

Tsiku lomwelo dzuwa litapendeka, ndili ndekha kuseri kwa positi kumata ming'alu, ndinamva kaphokoso kukhonde. The. Patapita kanthawi, the. Ndi mmene limalirira khoko la mtedza likamasweka pakati pa zala. Kamphepo kanabweretsa fungo la utsi wa nkhuni ndi mafuta a zitumbuwa.  Sindinasuzumire. Ndinangoyamba kuimba mluzu mokweza ngati mwana wodutsa pamanda, n'kutulukira kumpanda wa kuseri.

Nthawi yonseyi Fakisoni anali ndi zakezake. Iye anayambira ku siteshoni. Popala penti yakale pa chikwangwani chachikulu cha papulatifomu, anapeza zilembo zoyambirira zili pansi, nazidzutsa mmene zinalili, zakuda pa zoyera. Lachisanu loyamba lija, dzuwa lili paliwombo, akutsuka burashi, anamva munthu akuti zikomo kumbuyo kwake. Anali mwamuna wovala jasi lalitali ndi chipewa, m'manja bokosi lachitsulo. Kumbukirani kuti unali mwezi wa Okutobala, pomwe ngakhale abuluzi amafuna mthunzi.

"Pepani bambo," anatero munthuyo, "pano ndi pa Mlondwe eti? Ndakhala ndikudutsa, koma chikwangwanichi sichimaoneka."

Fakisoni anavomera, namulozera njira ya ku tawuni. Atawerama kuti atseke chitini cha penti n'kuweramuka, papulatifomu panali zii.

"Nkhope yake inali yotani?" ndinamufunsa atandiuza.

Anakanda pamutu. "Alamu, jasi ndikulikumbuka mpaka mabatani. Koma nkhope ikungondithawa."

"Fungo la penti limenelo," ndinatero. "Uzimwa mkaka."

Sabata yotsatira khonsolo inalambula tchire ndi kuchotsa zisakasa zimene zinatseka mzere wa mbawa, njira n'kuonekanso kuchokera ku siteshoni mpaka ku msika. Lachisanu amayi ogulitsa tomato anaona munthu wajasi akuyenda pakati pa mitengoyo pang'onopang'ono, akugwira mtengo uliwonse ngati akupereka moni. Agalu a pamsika sanauwe. Anangogona pansi, mitu pakati pa miyendo, mpaka munthuyo atazimirira kuseri kwa mtengo womaliza. Sabata yachitatu Fakisoni anapaka chitseko cha sitolo ya Mmwenye penti yobiriwira ngati kale. Lachisanu telala wa pakhonde lapafupi anaona munthu uja ataima pachitsekopo. Anatula bokosi pansi, natulutsa kampango, nayamba kupukuta nsapato zake mosamala ngati mkwati. Kuchokera pa sitoloyo kufika pa positi ndi mtunda woti munthu akakuwa umamva.

Fakisoni anasiya nthabwala. Anandipeza ndikusefa mchenga n'kunena, "Alamu, simukuona? Tikakonza malo amodzi, iye akusendera. Munthuyu anasokera chifukwa tawuni inasintha. Ifeyo tikumubwezera njira."

"Akubwera kwa yani?" ndinamukalipira. "Usandiuze za kumowa."

Ndinkadziwa. Ndani sakanadziwa? Koma mkwiyo wa zaka makumi asanu ndi limodzi sumvera nzeru. Ndinkati mumtima, munthu amene anasiya mkazi kuti asanduke choseketsa cha tawuni yonse, lero akufuna apeze zonse zili m'malo mwake? Lachinayi lotsatira sindinapake simenti wamba. Ndinayala waya, ndinasakaniza konkire ya miyala, yolimba yomwe timathira pa milatho, n'kuithira pa sitepe yonse, kuchindikala kwake zala zinayi.

M'mawa mwa Lachisanu sitepe inali yosalala ngati tebulo. Ndinapambana. Ndinaima pamenepo kudikira kuti chimwemwe chibwere, koma sichinabwere. Kenaka ndinaona makoko. Sanali pa kamulu ngati kale. Anali apa awiri, pa mzati atatu, pageti limodzi, pansi pa zenera ena. Umu ndi mmene amagwetsera munthu amene akungoyendayenda chifukwa wasowa pokhala. Tsiku lonselo ndinagwira ntchito ndi manja olemera, ndipo kukhonde kunali chete.

Chisisira chitayamba, ndikulongedza zida, ndinamva nsapato pa miyala ya pageti.

"Zikomo, bambo."

Ndinatembenuka. Jasi, chipewa, bokosi lachitsulo. Musandifunse nkhope, inenso inandithawa. Chimene ndikudziwa n'choti anali mnyamata, wosafika ndi zaka makumi atatu zomwe, wochepera mwana wanga woyamba. Dzanja limene linagwira bokosilo ndinaliona bwino. Kachala kakang'ono kanali kopindikira m'kati. Taonani kangaka pa kuwala kwa motowu. Amayi ankakonda kukagwira ndili mwana, amvekere, aka n'ka atate ako.

"Zikomo," ndinayankha, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Positi ndi yomweyi, bambo? Mzatiwu ndauzindikira. Koma pali munthu ndinapangana naye kuti ndidzamupeza pa sitepe yachiwiri. Palibe munthu, ndipo sitepeyo si imene ndinaisiya." Anayang'ana uku ndi uku. "Kapena anatopa nane. Sindingamudandaule. Ndachedwa panjira."

Mawu onse amene ndinawasunga moyo wanga wonse kuti ndidzamulalatire anali pakamwa. Koma iye anapitiriza, mwamanyazi, ngati akuulula chinsinsi chokoma.

"Pochoka ndinamusiya ali woyembekezera. Mwanayo pano ayenera kuti wayamba kukwawa. Ndamugulira kachipewa, kuno mu Juni kumazizira."

Anzanga, ine wa imvi mbuu, wa zidzukulu zisanu, ndine mwana wokwawa amene ankamunenayo. Munthuyu sanakwatire kwina. Sanatiiwale. Chimene chinamuchitikira pansi pa nthaka ya eni ake sindikuchidziwa, koma chichitikireni wakhala ali panjira yobwerera kwawo. Ndipo atafika pakhomo penipeni, wotseka chitseko ndinali ine.

"Sanatope," ndinatero. "Mubwerenso Lachisanu. Mudzamupeza."

Anavula chipewa n'kuwerama pang'ono. "Mwandithandiza, bambo." Bambo anga ondibereka ananditcha ine bambo. Pomwe ndimapukuta m'maso, pageti panalibe munthu.

Loweruka m'mawa ndinakagogoda ku resitihausi komwe ankagona Mayi Kalirani. Mwambo wotsegulira malo aja unali Lachisanu lotsatira lomwelo. Ndinavula kapusi n'kuwauza kuti ndinawanamiza ndi kukhala chete kwanga, kuti sitepe ija sinadyedwe ndi madzi a padenga. Ndinawafotokozera za akazi a Lachisanu, za amayi, za mtedza, ndi za mawu amene ndinawakalipira nawo. Za munthu wajasi anafotokoza ndi Fakisoni, amene ananditsatira osaitanidwa.

Mayi uja anavula magalasi. Kenaka anatsegula kabuku kake n'kundionetsa mawu a pa chikwangwani cha positi. Panali chaka chomwe inamangidwa, ndi dzina la mzungu woyamba kuyang'anira positiyo.

"Uyu anakhala kuno zaka ziwiri," anatero, "ndipo ndamulemba pa mkuwa. Wa zaka makumi atatu ndi zitatu ndinalamula kuti mumukwirire ndi simenti. Ndinafunsa makoma, bambo Layitoni, anthu sindinawafunse. Za alendo a jasizo sindingazilembe mu lipoti, akandiseka ku ofesi. Koma sitepeyo ndingailembe, ndipo lamulo lidzaiteteza ngati positi yomwe. Kodi konkireyo ingachoke osaononga za pansi?"

"Anaithira ndi mmisiri wabwino," anatero Fakisoni. "Ndiye vuto lake."

"Ichoka," ndinatero.

"Chatsala chimodzi. Ndikufuna kachikwangwani kena pa sitepe pomwepo, kokhala ndi dzina lawo. Koma mwana wawo ndinu. Mukakana, sindilemba."

Ndinaganiza za ana aja a kusukulu, ambiri a iwo pano ali kumanda. Ndinati, "Lembani. Mulembenso kuti anali amayi ake a Layitoni."

Konkire imene ndinaithira pa ola limodzi inanditengera masiku anayi kuichotsa. Hamala yaikulu sindinaigwire. Ndinagwiritsa ntchito katchizulo kakang'ono, kubenthula pang'onopang'ono ngati ndikuchotsa minga kuphazi kwa mwana. Fakisoni ankatola zibenthu, ndipo kwa masiku anayi amenewo sananene nthabwala ngakhale imodzi, chinthu chimene mkazi wake sakhulupirira mpaka lero. Lachitatu madzulo njerwa yakale inaonekera. Mbale inali momwemo, yosalala, yofiira. Ndinaitsuka ndi madzi ndi dzanja langa. Ndinati, "Amayi, pepani. Khalani pamalo panu."

Lachisanu kunali mwambo. Kunabwera akuluakulu a ku boma, kunali zolankhula zotalika, ana a sukulu anaimba, riboni inadulidwa. Mayi Kalirani anawerenga kachikwangwani ka pa sitepe mokweza, ndipo nkhalamba zina zimene zinkaseka amayi kale zinayang'ana pansi. Panalibe mlendo amene anapunthwa. Dzuwa litapendeka anthu anabalalika, mipando inanyamulidwa, pabwalo panatsala mapepala okhaokha.

Ine ndi Fakisoni tinakhala patsidya pa msewu, pa mwala wa pansi pa mbawa. Tinadikira. Kenaka tinamva. The. The.  Patapita nthawi tinamva nsapato zikuchokera ku sitolo, zosathamanga, zikuponda miyala ya pageti. Zinaima. Bokosi lachitsulo linagunda pansi. Kusenda kuja kunaleka.

Fakisoni anayamba kutukula khosi. Ndinamugwira phewa n'kumutembenuza, nanenso ndinafulatira. Amayi anandilera bwino, sindikanasuzumira makolo anga akulonjerana. Tinakhala choncho titayang'ana ku njanji. Mawu sitinawamve. Tinangomva kuseka, kamodzi kokha, kwa mkazi. Ndinakhala ndi amayi zaka makumi atatu ndi zitatu, ndinawamva akuseka pa maukwati ndi pa msika, koma kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo. Kunali kuseka kwa mtsikana. Ndinalira ngati mwana, ndipo mlamu wanga ananamizira kuti penti yamulowa m'maso.

M'mawa mwake ndinalawirira ndekha. Pansi pa sitepe yachiwiri panali timilu tiwiri ta makoko, togundizana. M'mbale muja munali kachipewa koluka ndi ubweya, kofiira, katsopano, konunkhira m'bokosi. Ndinakayesa pa chibakera changa ndipo kanakwana ndendende.

Chichokereni tsiku limenelo makoko sanaonekenso. Munthu wajasi palibe anamuonanso, ku siteshoni kapena pa mbawa. Anapita limodzi, ndipo ndimakondwera nawo, ngakhale nthawi zina ndimalakalaka nditamvanso kaphokoso kaja kamodzi kokha.

Tsono Lachisanu ndimapita kukasesa pamenepo. M'mbalemo sindikhalamo, si malo anga. Ndimakhala pa sitepe yachitatu, pamene ndinkakhala ndili wamng'ono, kumapazi kwawo, anzanga asanandiphunzitse manyazi. Alendo amabwera ndi makamera, ana a sukulu amabwera ndi aphunzitsi awo, amawerenga kachikwangwani kaja mogwirizana. Nthawi zonse pamapezeka kamwana kamodzi kolimba mtima kondifunsa kuti, "Nanga inu agogo ndinu ndani?"

Ndimagwira thumba la malaya momwe mumakhala kachipewa kaja, n'kukayankha mokweza kuti ndi a ku msika omwe amve.

"Ine ndine mwana wa positi."